Kuuluka kwa Mbalame Zolusa

Pamudzi paliponse pamene anthu aweta nkhuku, ana adziwa kulira kwa thadzi la anapiye pamene laona mthunzi wa kamtema ulikudutsa pabwalo. Thadzi likalira motero, anapiye onse athawira pansi pa nkhokwe, ndipo mwana amene ali pafupi atola chibuma, nachiponya kumwamba alikufuula. Chibuma chija chikwera pang'ono, chibwerera, nichiphwanyika pansi. Koma kamtema sagwa iyayi. Angopendeka, napotoza mchira wake wa mphanda, nakwera pamwamba pa mitengo wosakupiza mapiko ngakhale kamodzi.

Ichi ndi chinthu chodabwitsa, chinkana anthu anachizolowera. Nkhuku nayo ili ndi mapiko, koma ikafuna kukwera padenga ichita phokoso lalikulu, ndipo ifika pamenepo ili wefuwefu. Nkhwazi yaikazi ilemera makilogalamu 3 kapena kuposerapo, ndiko kunena kuti iposa tambala wa pamudzi. Komatu iyo ikhoza kuzungulira pamwamba pa nyanja nthawi yaitali mapiko ali chitambasulire. Nanga chimene chiigwira, kuti isagwe monga chibuma chija, n'chiyani?

Mbalame zolusa ndizo zija zigwira nyama ndi zikhadabo, ndi kuing'amba ndi mlomo wokhota: nkhwazi, chiwombankhanga, mphungu, kabawi, kamtema ndi kadzidzi. Miimba iwerengedwa pamodzi nazo, ngakhale iyo idya nyama zakufa kale. Maina awa asiyana m'madera, pakuti mbalame imene kuno aitcha kamtema kwina aitcha mphamba. Koma maulukidwe ake sasintha ndi dzina.

Choyamba chimene mwana ayenera kuzindikira ndi ichi, kuti mpweya suli chabe. Suoneka ndi maso, koma ulipo, ndipo uli ndi kulemera ndi mphamvu. Asodzi a ku Nkhotakota audziwa pamene mwera uwomba, ndipo mwini nyumba audziwa pamene mphepo yasasula denga lake. Mtsikana wopita kukapeta tsiku la mphepo, akagwira lichero mosapendeka, mphepo ingodutsa. Koma akakweza pang'ono mbali yopenya kumphepo, amva lichero lilikufuna kumpulumuka m'manja ndi kukwera. Chifukwa chake n'chakuti lichero lopendekalo lilikukankhira mpweya pansi, ndipo mpweya ubwezera, nukankhira lichero kumwamba. Wopalasa bwato achita chimodzimodzi: nkhafi ikankhira madzi kumbuyo, ndipo bwato lipita kutsogolo.

Phiko la mbalame liposa lichero, pakuti maumbidwe ake onse ayenera ntchito imeneyi. Kutsogolo n'lochindikala, kumene kuli fupa ndi mnofu. Kumbuyo n'lopyapyala, kumene kuli nthenga zokhazokha. Pamwamba pake n'lotukuka monga msana wa fulu, ndipo kunsi kwake n'lolowa pang'ono. Mpweya wodutsa pamwamba utsata kukhota kwa phiko, nuchoka kumbuyo kwake wolunjika chapansi. Ndiponso uthamanga koposa wodutsa kunsi. Tsono mpweya wothamanga motero supanikiza kwambiri. Chifukwa cha ichi wa kunsi upanikiza phiko koposa wa pamwamba, ndipo phiko linyamuka, ndi mbalame pamodzi nalo. Mwana wosakhulupirira ang'ambe kapepala kakatali, agwire nsonga yake pansi pa mlomo, nauzire pamwamba pake. Kapepala kamene kanali lende kadzadzuka, ngakhale palibe wakakankha kuchokera kunsi.

Koma pali lamulo limodzi losathyoka: mpweya uyenera kukhala ulikudutsa pa phiko. Ukaima, phiko silinyamula kanthu. Ndicho chifukwa chake mbalame yaikulu ikafuna kunyamuka ipenya kumene mphepo ichokera, kapena idziponya kuchokera pa nthambi yaitali, kuti ipeze liwiro msanga. Muimba umene wakhuta pansi uyamba wathamanga ndi kudumphadumpha, ulikukupiza mapiko movutika, ndipo pamenepo ndi pamene uoneka wopusa koposa mbalame zonse.

Thupi lonse la mbalame linakonzeka kuti lipepuke. Mafupa ambiri ali ndi mphako, ndipo m'kati mwake muli timitanda tochirikiza, monga nsichi ndi phaso zichirikiza denga. Mano palibe, pakuti mano ndi nsagwada zake n'zolemera. Mwana aliyense amene anadyapo chidale cha nkhuku adziwa fupa lija la pachifuwa lokhala ndi mpeni pakati. Pa mpeni umenewo ndi pamene pagwira minofu yaikulu yokokera mapiko pansi. Kupuma kwa mbalame nako n'kwina. Pambali pa mapapu ili ndi timatumba ta mpweya, ndipo timatumbato tipopa mpweya kuti udutse m'mapapu njira imodzi, monga madzi adutsa m'ngalande. Motero mapapu alandira mpweya wabwino pokoka ndi potulutsa pomwe, ndipo mbalame siibanika kumwamba kumene munthu akadakomoka.

Nthenga ndiyo yoyenera kuiyang'ana bwino. Mwana akatola nthenga yaikulu ya kuphiko, adzaona kuti kumbali zonse za mtengo wake kuli timaulusi tambirimbiri tondandana. Akatilekanitsa ndi zala, nthenga ing'ambika. Akaisisita kuchokera kutsinde kufikira kunsonga, ilumikizananso ngati siinang'ambike. Timaulusito tili ndi timbedza tating'ono kwambiri togwirana, ndipo n'chifukwa chake nthenga, ngakhale ipepuka chotero, siilola mpweya kupyola. Mbalame ikakhala pamtengo ndi kumapesa nthenga zake ndi mlomo, siilikudzikongoletsa chabe. Ilikusoka zida zake. Akulu anena kuti mphungu sataya nthenga. Kunena zoona ataya, pakuti nthenga zikalamba ndi kutha monga chovala. Koma ataya imodzi kuno, imodzi uko, ndipo zina zimera zinzake zisanagwe, kotero kuti palibe tsiku limene alephera kuuluka. Mbalame yodya mwa kusaka ikadathothoka nthenga zonse pamodzi, ikadafa ndi njala.

Zonsezi zithandiza mbalame kuuluka, koma sizinamasulire chinsinsi cha miimba, imene itha tsiku lonse kumwamba yosakupiza mapiko. Chinsinsi chimenecho sichili m'mbalame mokha, chili m'dzuwa.

Dzuwa likatuluka silitenthetsa dziko mofanana. Thanthwe, munda wolima, msewu ndi lupsa zitentha msanga. Dambo, nkhalango ndi madzi zichedwa. Mpweya wokhala pamwamba pa malo otentha nawo utentha, ndipo mpweya wotentha upepuka, nukwera. Aliyense anachiona ichi pa moto wa tchire, pamene masamba opsa ndi phulusa zikwera kutali pamodzi ndi utsi. Kamvuluvulu wa m'mwezi wa Okutobala, wonyamula fumbi ndi mapesi, nayenso ndi mpweya wokwera umene fumbi lauonetsa. Tsiku la dzuwa dziko lidzala ndi mizati yotere ya mpweya wokwera, yosaoneka, ndipo kawirikawiri pamutu pa mzati pamakhala kamtambo koyera konga thonje.

Muimba ukapeza mzati wotere utambasula mapiko, nuzungulira m'kati mwake. Pano pafunika kulingalira bwino. Mbalame yosakupiza mapiko ilikutsika nthawi zonse, monga mwana wotsetsereka pa chulu. Koma ngati mpweya ulikukwera msanga koposa kutsika kwa mbalameyo, mbalame ikwera. N'chimodzimodzi ndi nyerere yotsika pa ndodo imene munthu alikuikweza: nyerere ilikutsikadi, komabe ilikutalikira nthaka. Ukafika pamwamba, kumene mpweya wazirala, muimba uleka kuzungulira, upinda mapiko pang'ono, nulunjika kumene ufuna. Pa mita imodzi imene utsika upita kutsogolo mamita 10 kapena kuposerapo. Ukatsika ndithu upeza mzati wina, nukweranso. Motero uyenda kuchokera pa mzati kufikira pa mzati, monga munthu woloka mtsinje podumpha miyala.

Mapiko oyenera ntchito iyi ndi aakulu ndi otambalala, ndipo kunsonga kwake nthenga zitalikirana monga zala za dzanja. Zalazo zili ndi ntchito. Kunsonga kwa phiko lililonse mpweya wa kunsi uyesa kuzembera pamwamba, nuchita kamvuluvulu amene akoka mbalame kumbuyo. Nthenga zikatalikirana, iliyonse isanduka kaphiko pa yokha, nikhota chakumwamba, ndipo kamvuluvulu uja agawika, nachepa mphamvu. Chotero mbalame yolemera ikhoza kuyenda pang'onopang'ono ndi kuzungulira pafupi, yosatuluka mu mzati wopapatiza.

Anthu ena ayesa muimba mbalame yaulesi, pakuti mamawa pamene njiwa ndi mpheta zili pa ntchito, uwo uli khale pamtengo wouma kufikira 9 kapena 10 koloko. Si ulesi umenewo. Ulikulindira dzuwa kuti liumangire makwerero. Chakudya chake sichipezeka masiku onse, ndipo mbalame yotha kukhala masiku ndi njala siyenera kutaya mphamvu pachabe. M'chaka cha 2014 anthu ophunzira a ku France anafalitsa zimene anapeza atayesa kugunda kwa mtima wa miimba youluka: ponyamuka, pamene ikupiza mapiko, mtima ugunda ngati katatu kuposa masiku onse, koma ikayamba kuyandama, mtima ubwerera, nugunda pafupifupi monga mbalame ili pamtengo. Kale ndithu, cha m'ma 1970, Mngelezi wina dzina lake Colin Pennycuick anatsata miimba ya ku Serengeti, m'dziko la Tanzania, ali m'kandege kamene injini yake ankaizimitsa kakafika kumwamba. Iye anazungulira nayo m'mizati yomweyo, naona kuti miimba ina inkachoka ku zisa zake kumatanthwe, niyenda makilomita oposa 100 kutsata magulu a nyama, nibwerera kukadyetsa ana.

Nanga ifika pati pokwera? Pa 29 Novembala 1973 ndege ina inawombana ndi muimba pamwamba pa mzinda wa Abidjan, ku Côte d'Ivoire, pa mtunda wa mamita 11,300. Nsonga ya Sapitwa, pa phiri la Mulanje, ili pa mamita 3,002. Tsono muimba uja unali pamwamba ngati mapiri a Mulanje atatu osanjikizana, ndi lina losatha. Masiku onse miimba siikwera chotero iyayi; koma chochitika chija chisonyeza chimene mapiko ndi mapapu ake akhoza.

Miimba ya mu Africa ipeza chakudya ndi maso, si ndi mphuno. Ikakwera ibalalika m'mwamba, uwu kuno, uwo uko, ndipo uliwonse upenya pansi ndi kupenyanso anzake. Umodzi ukaona nyama yakufa, upinda mapiko, nutsitsa miyendo, nugwa msanga. Mnzake wa kutali aona kutsikako, natsata. Wina wa kutali koposa aona mnzakeyo, natsatanso. Posachedwa pa mtembo pamene panalibe mbalame padzala miimba yochokera kutali, ndipo nyama yowola imene ikadakhala masiku ilikuitana ntchentche ndi agalu itha tsiku lomwelo.

Koma nzeru yomweyi ndiyo yaitengera tsoka. Anthu opha njovu mobisa adana ndi miimba, pakuti kuzungulira kwake kuwaulula kwa alonda a nkhalango. Ndipo alipo oweta ng'ombe amene athira mankhwala akupha pa nyama yakufa pofuna kupha fisi kapena mkango. Mtembo umodzi wotere uitana miimba ya dziko lonse lozungulira. M'mwezi wa Juni 2019, ku Botswana, miimba 537 inapezeka yakufa itadya mitembo itatu ya njovu yothiridwa mankhwala. Tsono muimba uikira dzira limodzi lokha pa chaka, ndipo mwana wake atha zaka zingapo asanayambe kuswa. Chimene chitayika tsiku limodzi sichibwezeka ndi zaka khumi. N'chifukwa chake ana ambiri a masiku ano sanauonepo muimba, umene agogo awo anauzolowera. Komabe kumene chakudya chabwino chabwerera, nayo ibwerera: m'nkhalango ya Liwonde miimba inali itasowa, koma zilombo zodya nyama zitabwezedwamo kuyambira chaka cha 2017, ndi mikango m'chaka cha 2018, miimba inayamba kuonekanso pa zotsala zake.

Si dzuwa lokha limene likweza mpweya. Mphepo ikawomba phiri isowa kopita, nikwera. Chiwombankhanga chakuda cha kumatanthwe, chokhala ndi choyera pamsana, chiyenda m'mbali mwa maphompho pa mphepo yotere, nichitulukira mwadzidzidzi kuseri kwa mwala pamene mbira zilikuothera dzuwa. Mphungu ali ndi njira yakeyake. Mchira wake n'waufupi kwambiri, kotero kuti miyendo yake yofiira iupitirira pouluka. Ndipo popeza alibe mchira wowongolera, ayenda msanga, alikupendekera uku ndi uku monga munthu woloka pa mlatho wa mtengo umodzi atatambasula manja.

Pamwamba pa nyanja yaikulu mizati ya mpweya wotentha isowa. Chifukwa cha ichi ziwombankhanga zofiirira zochokera ku zidikha za ku Asia, zimene zifika kuno nyengo ya mvula ndi kudya inswa pa chulu monga nkhuku, siziwoloka nyanja paliponse. Zizungulira ulendo wautali kufuna popapatiza, monga ku Suez, kapena pa Bab-el-Mandeb, pakati pa Arabia ndi Africa, pamene madzi ali ngati makilomita 30 okha. Pamenepo zikwera pamwamba zili kumtunda, nizitsetsereka kufikira tsidya lina.

Koma alipo kabawi wina wamng'ono amene saopa nyanja. Dzina lake alitenga ku mtsinje wa Amur, kum'mawa kwa Asia, kumene aswera, ndipo kulemera kwake sikusiyana ndi kwa njiwa. Mapiko ake si otambalala. N'ngaatali ndi osongoka monga chikwakwa, ndipo mapiko otere adula mpweya mosavuta, kotero kuti mwini wake akhoza kukupiza usana ndi usiku. Akabawi amenewa asonkhana ku Nagaland, kumpoto chakum'mawa kwa India, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Adya, nanenepa, napyola India, naoloka nyanja ya pakati pa India ndi Africa, makilomita ngati 3,000, wopanda potera. Pambuyo pake atsika chakumwera, nadutsa m'Malawi ndi m'Zambia mvula ikayamba, alikugwira inswa ndi dzombe m'mwamba. M'chaka cha 2012 kunamveka kuti anthu a ku Nagaland alikuwakola ndi maukonde zikwizikwi. Chaka chotsatira anthu a m'mudzi wa Pangti ndi midzi yoyandikana anapangana kuleka, ndipo alenje ena omwewo anasanduka alonda a mbalamezo. Mlimi wa ku Dedza woona akabawi pamwamba pa munda wake sadziwa kuti ali ndi mangawa kwa anthu a mudzi umenewo.

Mwa mbalame za mapiko osongoka, mfumu ya liwiro ndiye kabawi wa kumatanthwe amene m'mabuku atchedwa peregrine. Apezeka m'maiko ambiri a dziko lapansi, ndi kumapiri a kuno komwe. Chakudya chake ndi mbalame zinzake, makamaka nkhunda ndi njiwa, ndipo azigwira zili m'mwamba. Pouluka molunjika saposa nkhunda kwenikweni. Tsono achita ichi: akwera pamwamba penipeni, nalindira. Akaona nkhunda pansi pake atembenuka, akupiza mapiko kangapo, nawapinda pathupi, nabisa miyendo, mpaka thupi lonse lifanana ndi dontho la madzi, lonenepa kutsogolo ndi losongoka kumbuyo. Mpweya usowa pogwira, ndipo iye agwa ndi liwiro loposa makilomita 320 pa ola. Galimoto yothamanga motero ikadachoka ku Blantyre ndi kufika ku Lilongwe m'ola limodzi. Palibe chamoyo china chifika pa liwiro limenelo. Maso ake atetezedwa ndi chikope chachitatu chopyapyala, chimene chisesa diso mopingasa. Amenya nkhunda ndi mapazi, natambasula mapiko pang'onopang'ono, nakhota chakumwamba, nabwerera kudzaiwakha ilikugwa. Komatu asaganize munthu kuti nkhunda ilibe chochita. Ikamuona msanga ikhota mwadzidzidzi, kapena idziponya m'mitengo, ndipo kabawi aphonya kawirikawiri, pakuti wothamanga chotero sakhota pafupi, ndipo m'nkhalango sangalowemo ndi liwiro lake.

M'nkhalangomo muli kabawi wina wosiyana naye m'zonse, wa mapiko aafupi obulungira ndi mchira wautali. Iye sakwera kutali. Abisala m'masamba, natuluka ngati muvi, alikupyola pakati pa nthambi; mapiko aafupi sakodwa, ndipo mchira wautali umkhotetsa monga tsigiro likhotetsa ngalawa. Ameneyu ndiye mbala ya anapiye imene siionetsa mthunzi. Ulendo wake n'waufupi, ndipo akaphonya satsata kutali. Pali winanso wotuwa, wa mapewa akuda ndi maso ofiira, wokonda kukhala pa mawaya a m'mbali mwa msewu. Iyeyu apenya kumphepo, nakupiza mapiko mofulumira, mchira uli chitambasulire, kotero kuti liwiro lake lilingana ndi la mphepo, ndipo aima malo amodzi m'mwamba ngati wapachikidwa pa chingwe. Alikuyang'ana mbewa. Mlimi wanzeru samponya mwala.

Nkhwazi, imene ili pa chizindikiro cha dziko la Malawi ndi pa mbendera ya Zambia, ili ndi mapiko a mamita 2 kapena kuposerapo kuchokera kunsonga kufikira kunsonga, ndipo yaikazi iposa yaimuna, monga zikhalira mbalame zolusa zambiri. Nthawi yaikulu ya tsiku ingokhala pamtengo wa m'mbali mwa madzi. Ikaona nsomba yayandikira pamwamba, itsika mopendekera, ndipo itatsala pang'ono kufika iponya miyendo kutsogolo, nikwatula nsombayo ndi mapazi okhakhala kunsi, oti chinthu choterera sichipulumuka. Pamenepo ndi pamene mapiko otambalala aonetsa ntchito yake, pakuti iyenera kunyamuka ndi katundu popanda pothamangira. Nthawi zina dyera liinyenga, nigwira kampango kapena mlamba woiposa mphamvu. Ikatero siitaya msanga. Iikoka pamwamba pa madzi, kapena igwera m'madzimo, nipalasa ndi mapiko monga nkhafi kufikira kugombe.

Kutera n'kovuta koposa kunyamuka. Mbalame iyenera kuchepetsa liwiro, ndipo pochepetsa ikweza mapiko kutsogolo monga lichero lija. Koma phiko likapendeka kopitirira, mpweya wa pamwamba uleka kutsata msana wake, nusokonezeka, ndipo phiko lileka kunyamula. Pofuna kupewa ichi mbalame ili ndi tinthenga titatu kapena tinayi pa chala chachikulu cha phiko, pamene phiko lipindika. Potera itukula tinthengato, ndipo pakati pa ito ndi phiko patseguka kampata. Mpweya wopyola pamenepo ukanikiza mpweya wa pamwamba kuti usachoke pa phiko. Mwana angathe kukapeza kachala kameneka pa phiko la nkhuku iliyonse.

Usiku ntchito isiyidwa kwa kadzidzi. Iye safuna liwiro, afuna bata. Mbewa ili ndi makutu akuthwa, ndipo kadzidzi mwini asaka ndi makutu, kotero kuti phokoso la mapiko likadachenjeza mbewa ndi kugonthetsa mlenje yemwe. Nthenga yake yoyamba ya kuphiko ili ndi timano kutsogolo tonga chipeso, togawa mpweya kuti usachite mluzu. Kumbuyo kwa nthenga kuli mphonje zofewa, ndipo pamwamba pake pali ubweya wosalala, woti nthenga zikakhulana sizimveka. Mapiko ake n'ngaakulu poyerekeza ndi thupi, ndipo auluka pang'onopang'ono. Munthu angadutsidwe ndi kadzidzi pamutu osamva kanthu, ndipo kapena n'chifukwa china chimene anthu amuopera ndi kumnenera zamatsenga. Koma kadzidzi woyera nkhope, wogona m'madenga a matchalitchi ndi a sukulu, alibe mlandu ndi munthu; mlandu wake uli ndi makoswe a m'nkhokwe, ndipo banja limodzi lolera ana lipha makoswe ndi mbewa mazanamazana. Ku mtsinje wa Shire, cha ku Liwonde, kuli kadzidzi wina wamkulu wofiirira wodya nsomba. Mapiko a ameneyo amveka pouluka, pakuti alibe zofewetsa zonse zija. Nsomba ya m'madzi siimva phiko.

Anthu anasirira mbalame zaka zosawerengeka, ndipo ambiri oyesa kuuluka anaganiza kuti chofunika ndi kukupiza. Anamanga mapiko kumanja, nadumpha, nathyoka miyendo, pakuti chifuwa cha munthu chilibe minofu ya chidale. Amene anapambana ndiwo anayang'ana mbalame zosakupiza. Wilbur Wright, wokonza njinga wa ku Dayton m'dziko la America, anapenyetsetsa miimba ya kwawo, naona kuti mphepo ikaipendeketsa, iyo ipotoza nsonga za mapiko, ina chakumwamba ina chapansi, niwongoka. Iye ndi mbale wake Orville anayesa kupotoza kotere m'chaka cha 1899 pa kachipangizo kouluka pa chingwe, ndipo pa 17 Disembala 1903, pafupi ndi Kitty Hawk, ndege yawo ya injini inanyamuka ndi Orville, niuluka masekondi 12, mtunda wa mamita 37. Ndege za masiku ano sizipotoza phiko lonse, koma zili ndi zitseko kumbuyo kwa phiko zochita ntchito yomweyo. Ndipo wokwera ndege yaikulu yotera ku Chileka kapena ku Lumbadzi, akakhala pa zenera la pafupi ndi phiko, adzaona chitsulo chopyapyala chilikutuluka kutsogolo kwa phikolo ndi kusiya kampata, monga nkhwazi itukula kachala kake pofika pa nthambi.